Bala limapola, dandaulo likadali panjira

Kuno kwathu ku Mulanje munthu akamangidwa, abale ake sayamba ndi kufunsa kuti walakwa chiyani. Amene anapita kukasiya chakudya ku polisi akangobwerako, funso limakhala lakuti, "Mwamuona? Akutha kuyenda?" Akati akuyenda, mitima imakhala pansi, anthu n'kuyamba kukambirana za belo. Zoti wamenyedwa sitifunsa n'komwe, timangodziwiratu. Tinazolowera moti kumenyedwa timakuona ngati gawo la kumangidwa, monga kuvula lamba ndi nsapato pa kauntala usanalowe m'chitokosi.

Lamulo silinena choncho. Sikuti limamuletsa wapolisi kugwiritsa ntchito mphamvu ayi. Gawo 20 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo limene limalongosola kamangidwe ka anthu ndi kayendetsedwe ka milandu, limavomereza kuti munthu akamalimbana kapena kuthawa, wapolisi amugwire mwamphamvu. Koma gawo lomwelo limaika malire: mphamvuyo isapitirire imene ikufunika kuti munthuyo agwidwe. Ndiye kuti unyolo ukangolowa m'manja, munthu wakhala pansi, ntchito ya mphamvu yathera pomwepo. Khofi lobwera pambuyo pake si kumanganso ayi, ndi mlandu womenya munthu, womwewo umene ine ndingazengedwe nditamenya mnzanga pa msika wa Chitakale. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 nawonso sabisa mawu. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu aliyense. Gawo 42 limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo akaonekere ku khoti pasanathe maola 48.

Papepala zonse zilipo. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chimene chimachitika munthu akalimba mtima n'kunena kuti, "Andimenya, ndikufuna chilungamo." Dandaulo limenelo amalilandira ndani, limadzera kuti, ndipo umboni wake uli m'manja mwa yani?

Mwana wa mlongo wanga amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Tsiku lina la msika ananyamula munthu amene pambuyo pake anaganiziridwa kuti waba foni m'sitolo ina. Wakubayo sanapezeke, koma anthu anaona njinga imene anakwera, ndiye chakumadzulo apolisi awiri anakamupeza mnyamatayu pa siteji. Anzake a pa sitejipo amati sanalimbane nawo. Anazimitsa njinga, n'kupereka kiyi. Ine monga malume wake uthenga unandipeza usiku, ndipo kutacha ndinapita ndi mayi ake ku polisi ya m'dera lathu, atanyamula tiyi m'botolo ndi mbatata yophika.

Atamutulutsa kuti adye, anabwera akupondera m'mbali mwa mapazi, dzanja limodzi litagwira khoma. Pamene panadutsa unyolo panali potupa, khungu litasupuka mozungulira mikono yonse iwiri. Mayi ake anayamba kulira. Iye anangonong'ona kuti, "Amalume, musafunse pano." Wapolisi amene anali pa kauntala anali mnyamata waulemu ndithu, anatipatsa benchi, anamulola kudya mosafulumira. Nditamufunsa kuti, "Bwana, mapazi awa atani?" anayankha kuti iye wangolowa ntchito m'mawa womwewo, za usiku sakuzidziwa, mwina anamupweteka ndi anthu a pa msika asanafike naye.

Anatuluka pa belo ya apolisi, mlanduwo n'kungozilala wokha. Tili m'nyumba ndi pamene anafotokoza. Anamugoneka chafufumimba, manja ali kumbuyo, n'kumamumenya kunsi kwa mapazi ndi paipi ya pulasitiki kuti atchule dzina ndi mudzi wa munthu amene iye anangomunyamula ngati kasitomala wina aliyense.

Apa ndi pamene ndinaona ndi maso anga mmene njira ya dandaulo inapotokera. Aliyense wa kuno amadziwa kuti munthu wovulazidwa ndi mnzake akafuna lipoti la chipatala loti likagwire ntchito ku khoti, amayamba wakatenga kalata ku polisi. Ndi kalatayo amapita kwa adokotala, adokotala n'kulembapo zimene aona, kalata n'kubwerera ku polisi kukalowa mu fayilo. Njira imeneyi imayenda bwino wokumenyayo akakhala mnansi wako. Nanga akakhala wapolisi? Ukapemphe kalata pa kauntala yomweyo, mwina kwa munthu yemweyo, uli pa belo imene iwo omwewo akupatsa, njinga yako ikadali kuseri kwa ofesi yawo. Mlongo wanga anandigwira mkono n'kunena kuti, "Achimwene, zisiyeni. Njinga ibwere kaye. Mwanayu ntchito yake ndi ya pamsewu, mawa lomweli akumana nawo pa rodibuloko." Amanena zoona, ndipo mayi aliyense wa kuno akananena chimodzimodzi. Ku chipatala anamupatsa mankhwala opha ululu, m'kabuku kake analembamo mawu awiri atatu osatchula chimene chinamuvulaza. Pofika nthawi imene njinga inabwezedwa, kutupa kunali kutaphwa, mapazi ali ngati a munthu wina aliyense.

Madandaulo ambiri a mtundu uwu safa chifukwa choti wofufuza ndi waulesi kapena wadya ndalama. Amafa wofufuzayo asanamve n'komwe, m'masiku awiri atatu oyambirira, chifukwa umboni wake waukulu ndi thupi la munthu, ndipo thupi limachira. Umboni wotsalawo, buku la OB lolembamo zochitika za pa polisi, ndandanda wa amene anali pa ntchito usiku umenewo, mayina a anthu amene anagona naye m'chitokosi, zonsezi zili m'kabati ya anthu omwe dandaulolo likuwakhudza.

Taganizirani munthu woona mtima amene wapatsidwa fayilo yotere patapita miyezi itatu. Ayenera kupeza ngati womangidwayo analimbana. Ayenera kudziwa nthawi imene mphamvu inagwiritsidwa ntchito, pomugwira kapena ali kale m'manja. Ndipo ayenera kudziwa pamene panali mabala, chinthu chofunika kuposa mmene ambiri timaganizira. Munthu amene wagwetsedwa pothawa amasupuka maondo, zigongono, mwina chipumi. Amene amatchinga ndodo amavulala mikono. Koma kunsi kwa mapazi, m'matako, kumsana m'mizeremizere, amenewa si malo amene munthu amavulala polimbana ndi womumanga. Amenewa ndi mabala a munthu amene anagonekedwa. Madokotala odziwa ntchitoyi ali ndi malangizo a United Nations otchedwa Istanbul Protocol, a 1999, amene amawaphunzitsa kulemba bala lililonse palokha: lili pati, ndi lalikulu bwanji, likuoneka motani, ndipo likugwirizana bwanji ndi zimene wovulalayo akufotokoza. Zonsezi zimatheka bala likadalipo. Patapita miyezi itatu wofufuza amatsala ndi mawu a wakabaza mbali ino, mawu a apolisi awiri ovala yunifolomu mbali inayo, ndipo tonse tikudziwa mbali imene imalemera.

Kuno kwathu pali chinanso chimene chimasokoneza kafukufuku. Dera lathu ndi la minda ya tiyi, malo olima ndi ochepa, nkhuni n'zosowa, achinyamata osowa chochita ndi ambiri. Mnyamata akagwidwa ndi mtolo wa bulugamu kapena thumba la makadamiya, akatsika m'phiri ndi thabwa la mkungudza kapena thumba la makala, woyamba kumugwira kawirikawiri si wapolisi. Ndi mlonda, kapena a chitetezo cha m'mudzi, kapena gulu la anthu limene lamva mfuu. Pofika pa kauntala wadutsa m'manja mwa anthu atatu anayi, ndipo aliyense adzati, "Ine ndamulandira ali choncho." Yankho limene anandipatsa wapolisi uja limagwira ntchito chifukwa nthawi zina limakhaladi loona. Njira yokhayo yosiyanitsira ndi yakuti pa nthawi imene munthu akulandiridwa ku polisi, thupi lake lionedwe, zimene zaonekazo zilembedwe ndi nthawi yake, ndipo womangidwayo kapena mbale wake asainire. Masiku ano foni yojambula ili m'thumba mwa wapolisi aliyense. Izi zimatetezanso wapolisi wosalakwa. Munthu akalowa ali ndi bala pamutu n'kulembedwa, palibe amene adzanamizire apolisi mawa. Akalowa akuyenda bwinobwino n'kutuluka akukwawa, funso limakhala ndi mwini wake woti aliyankhe.

Aphungu athu vuto loti apolisi azidzifufuza okha analiona kale. Lamulo la apolisi la 2010, Police Act, linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, mwachidule ICC. Ntchito yake ndi kulandira madandaulo a anthu, kufufuza imfa kapena kuvulala kobwera chifukwa cha zochita za apolisi, komanso imfa ndi kuvulala kulikonse kochitikira m'chitokosi. Lamulo linadutsa, koma bungwelo linakhala papepala zaka 10. M'zaka zimenezo munthu wodandaula amapita kwa mkulu wa polisi yomweyo, kapena ku nthambi ya apolisi yoona za mwambo wa pa ntchito, kapena akakhala wodziwa njira, ku bungwe la boma loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, kwa Ombudsman, kapena kwa loya.

Ndipo m'zaka zimenezo munachitika zoopsa. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 anataya miyoyo, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi. Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anagwiriridwa ndi apolisi amene anatumizidwa kukakhazikitsa bata. Anachita kuwanyamulira nkhaniyi ku khoti ndi a Women Lawyers Association, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda anagamula mokomera amayi 18. Ndi m'chaka chomwecho cha 2020 m'mene komishonala woyamba wa ICC, a Christopher Tukula, anasankhidwa.

Ndimayamika kuti bungweli tsopano lilipo, ndipo amene angathe kulifikira alifikire. Koma likulu lake lili ku Lilongwe, makilomita oposa 350 kuchokera pa boma la Mulanje. Kwa munthu wa ku Muloza kapena wa kuseri kwa phiri, kumeneko n'kutali kwambiri. Foni ilipo inde, koma wofufuza ayenera kufika yekha, aone malo, acheze ndi mboni, ndipo galimoto imafuna mafuta. Ndikamacheza ndi anthu pa siteji, kutchalitchi, pamaliro, ndi ochepa zedi amene anamvapo kuti kuli bungwe lotere. Komanso ICC siweruza mlandu. Imafufuza, n'kupereka zimene yapeza kwa akuluakulu ena kuti achitepo kanthu. Fayilo ikhoza kutuluka bwino m'manja mwa wofufuza n'kukagona pa tebulo lina.

Nkhani ya Buleya Lule imaonetsa zimene zimafunika kuti dandaulo lifike kumapeto m'dziko muno. Lule anamangidwa mu Febuluwale 2019 poganiziridwa kuti anatengapo mbali pa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa zaka 14 ku Dedza. Anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dokotala wopima mitembo, Charles Dzamalala, anapeza kuti anaphedwa ndi magetsi. A Malawi Human Rights Commission anafufuza n'kutulutsa lipoti lonena poyera kuti anazunzidwa. Apolisi 13 anamangidwa mu 2020, ndipo kumapeto kwa 2024 khoti lalikulu linapeza 6 mwa iwo olakwa. Zaka pafupifupi 6, pa mlandu umene dziko lonse limaudziwa.

Taonani zimene zinachita kukumana pamodzi kuti zitheke. Maso a dziko lonse, ngakhale a mayiko akunja, anali pa nkhani ya kuphedwa kwa anthu achialubino. Panapezeka dokotala wodziwa ntchito yake amene analemba zimene anaona. Panali bungwe la boma limene silinabwerere m'mbuyo, manyuzipepala ndi mawailesi amene sanaileke nkhaniyo, maloya, ndiponso boma linasintha mu 2020. Ndipo pali chinthu chowawa kuchinena: thupi la womwalira limasunga umboni, la wamoyo limaufafaniza. Mnyamata wa kumudzi amene wathyoledwa nthiti koma akupuma sadzakhala ndi chilichonse mwa zimenezi. Ngati chilungamo chimafuna kuti munthu ayambe wafa, komanso afe pa nkhani yotchuka, ndiye kuti ambiri sadzachiona.

Ndili ndi anzanga apolisi, ena timapemphera limodzi. Sindikhulupirira kuti analowa ntchito n'cholinga choti azizunza anthu. Wapolisi wa pa yuniti ya kumudzi nthawi zambiri alibe galimoto, ndipo si zachilendo kuti wodandaula ndi amene alipire kabaza woti akagwire womuberayo. Alibe zipangizo zotengera zidindo za zala. Wobedwa ali pakhomo m'mawa uliwonse, bwana wake akufuna mlandu utsekedwe, mudzi wonse ukunena kuti apolisi sakugwira ntchito. Chida chotsika mtengo chimene watsala nacho ndi pakamwa pa woganiziridwa. Ndipo lamulo lathu lomweli limamutsegulira khomo. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu iperekedwe ku khoti ngakhale woimbidwa mlanduyo akunena kuti anachita kumufinya. Khoti limangoyenera kukhutira kuti mawuwo ananenadi ndi iyeyo ndipo zimene ananenazo n'zoona. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu monga CHREAA a ku Blantyre akhala akulira ndi gawo limeneli kwa zaka zambiri. Malawi analowa m'pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu mu 1996, koma Penal Code yathu, lamulo lofotokoza milandu ndi zilango zake, ilibe mlandu wakewake wa kuzunza munthu amene ali m'manja mwa boma. Wochita zotere amazengedwa ngati wina aliyense womenya kapena wovulaza. Sitetimenti yofinyidwa ikamagwirabe ntchito ku khoti, paipi ija sidzachoka kuseri kwa chitseko, ngakhale titaphunzitsa apolisi za ufulu wachibadwidwe mwezi ndi mwezi.

Ngakhale kwa amene wapeza loya n'kupambana mlandu wa chipepeso, wosumiridwa amakhala Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo ndalama zimachokera m'thumba la boma, msonkho wa tonsefe. Womenyayo sataya ngakhale tambala. Kawirikawiri timangomva kuti anamusamutsa.

Mbali ina ndi yathu eni mudzi. Wofufuza amafuna mboni, ndipo mbonizo ndi ife. Ndi ife tomwe timakuwa pa msika kuti, "Ameneyo aswedwe!" Apolisi akamutenga wakuba osamumenya timati ndi ofewa. Akamupatsa belo, umene ndi ufulu wake, timati adya ndalama. Munthu amene dzulo amaombera m'manja wakuba akumenyedwa sangaime pamaso pa wofufuza lero n'kunena kuti mphamvu inapitirira muyeso. Amayamba kuona vutoli tsiku limene womangidwayo ndi mwana wake.

Sitinaiwale chaka cha 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Amene amalanditsa anthu m'manja mwa gulu, miyala ikuwagwera, anali apolisi. Ku Msundwe komwe kuja, zoipazo zisanachitike, wapolisi Usumani Imedi anaphedwa ndi gulu la anthu ali pa ntchito. Ntchitoyi ndi yoika moyo pachiswe, ndipo wapolisi amene wazunguliridwa ndi anthu onyamula zikwanje ali ndi ufulu wodziteteza. Kafukufuku wachilungamo ayenera kumumvera iyenso, ndi kumumasula akapezeka kuti anachita zoyenera. Koma n'chifukwa chomwecho ndimafunitsitsa kuti apolisi asamachite zimene gulu limachita. Tikapereka munthu kwa apolisi timakhala tikumuchotsa m'manja mwa mkwiyo. Akakamenyedwanso kumeneko, tidzawauza chiyani anthu okwiya tsiku lina tikamawapempha kuti asamuotche, amupititse ku polisi?

Omenyedwawa si aliyense. Ndi akabaza, mavenda, othyola tiyi, anyamata ogona m'misika, amayi oyendayenda usiku. Mmodzi mwa anthu otere anagwedezapo lamulo. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa mu 2015 m'bandakucha akupita kukagulitsa malonda ake ku Limbe, pa mlandu wa vakabu. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene amamangira anthu vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulo chimenechi chinatseka khomo limodzi limene anthu osauka amalowera m'chitokosi popanda chifukwa. Koma onani kuti mlandu wa Gwanda sunadalire bala. Unali wotsutsa mawu olembedwa m'buku la malamulo, ndipo mawu olembedwa amadikira, chaka chino kapena chamawa adzapezeka ali pomwepo.

Agogo athu anaonapo kafukufuku wa mtundu umene tikukambawu. Boma la atsamunda litalengeza State of Emergency, ulamuliro wa pa nthawi ya chipwirikiti, pa 3 Malichi 1959, anthu oposa 1,000 anamangidwa ndipo pafupifupi 50 anaphedwa. Boma la Britain linatumiza gulu lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin. Gululo linafika m'dziko muno patangopita milungu yochepa, linayenda m'maboma, linamva anthu mazanamazana, linakacheza ndi omangidwa eniake kundende. Mu Julayi chaka chomwecho lipoti linatuluka, likunena kuti pomanga anthu panagwiritsidwa ntchito mphamvu yosaloledwa, kuti nyumba za anthu zinaotchedwa, ndipo Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Akuluakulu a ku London anakana zambiri za m'lipotilo. Sindikuyamikira utsamunda ayi, amene amamenya anthuwo anali a boma lomwelo. Chimene ndimatolapo ndi kafufuzidwe kake: anabwera msanga, anapita kumene kunali anthu, ndipo anafunsa omangidwawo okha osadzera mwa owamanga.

Zitatu zimenezi sizifuna ndege yochokera ku London kapena galimoto yochokera ku Lilongwe. Mu Police Act yomweyo ya 2010 muli gawo lina limene silitchulidwatchulidwa, la Lay Visitors Scheme. Limanena kuti anthu wamba a m'dera asankhidwe kuti azilowa m'zitokosi za apolisi, kuona mmene omangidwa akusungidwira ndi kuyankhula nawo. Kwa ine, chimene Mulanje ndi Thyolo akusowa kwambiri n'chimenechi. Mayi wa mvano, mphunzitsi wopuma ntchito, shehe, mwini golosale, anthu amene amakhala mtunda woyenda pansi kuchokera pa polisi, amene amadziwa ana a m'deralo ndi mayina awo. Wofufuza wa ku likulu adzafika bala litapola. Mayi wa mvano angafike m'mawa wake, n'kuona mnyamata akupondera m'mbali mwa mapazi, n'kulemba tsiku ndi nthawi. Koma kuti zithandize, mayina a anthuwa ayenera kumatidwa pa khoma la polisi pamene mbale aliyense wobweretsa chakudya angawawerenge, pamodzi ndi nambala ya foni ya ICC. Azifika osapanganiratu, usiku womwe. Ndipo zimene apeza zisamathere pa tebulo la mkulu wa polisi yomweyo. Akasankhidwa ndi apolisi, n'kumayendera tsiku limene apolisi awaitana, ndiye kuti angowonjezera siginecha pa pepala lonena kuti zonse zili bwino.

Anthu a kuchipatala nawonso ali ndi mphamvu imene mwina saizindikira. Ndikudziwa mzere umene umakhala panja pa chitseko chawo, odwala malungo, amayi oyembekezera, ana otsekula m'mimba. Koma mizere isanu yolembedwa m'kabuku ka kuchipatala, yonena kuti bala lili pati, ndi lotani, ndipo wodwala akuti lachitika bwanji, yokhala ndi deti ndi chidindo, ndi umboni umene sudikira kalata ya ku polisi. Kabukuko kamapita kunyumba ndi mwini wake. Abale nawonso, ngakhale ali ndi mantha omveka ngati a mlongo wanga, akhoza kujambula mabalawo tsiku lomwelo, kusunga malaya a magazi osawachapa, kulemba mayina a amene anaona kumangidwako ndi a amene anagona naye m'chitokosi. Kusunga umboni si kusuma. Njinga ikhoza kubwera kaye, belo n'kutha, mitima n'kukhala pansi, ndipo tsiku limene banja lidzaganize zopita ku ICC, ku Malawi Human Rights Commission ku Blantyre kapena ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, lidzapita litanyamula kanthu m'manja.

Kenako pali woweruza milandu. Maola 48 aja sanaikidwe pongofuna kuti mlandu uyambe msanga. Anaikidwanso kuti munthu wina amene si wapolisi aone womangidwayo ndi maso ake nthawi ikadalipo. Ndakhalapo pa benchi ya kumbuyo m'khoti, n'kuona anthu akulowetsedwa awiriawiri pa unyolo umodzi, wina akutsimphina, wina diso litatsekeka, mlandu n'kuwerengedwa, tsiku lina n'kuperekedwa, osafunsidwa kanthu. Iwo eni sayamba okha kuyankhula, chifukwa wapolisi amene wawabweretsa waima pambali pawo ndipo ndi yemweyo abwerere naye. Woweruza ndi amene angayambitse. Akangofunsa kuti, "Bambo, diso limenelo latani? Mwasungidwa bwanji?" akhoza kulamula pomwepo kuti munthuyo akaonedwe kuchipatala ndipo lipoti libwere ku khoti. Yankho la womangidwayo limalembedwa mu fayilo ya khoti ndi deti lake, ndipo fayilo imeneyo sisungidwa ku polisi.